Chingwe n'chimodzi, ndowa n'zambiri: chimene chimaumitsa foni pa intaneti

Mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, amapukusa chingwe pa dzenje lina la golide ku Kitsiyatota, m'mphepete mwa tauni ya Bindura, makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku Harare. Dzina la malowo ndi la Chishona, tanthauzo lake "mphaka wanyowa", ndipo amene anapondako m'dzinja sadabwa nalo. Bambo athu anachoka ku Dedza kudzalowa mgodi wa Trojan, wa zikepe ndi magetsi. Mdzukulu wawoyu mgodi wake ndi wa fosholo, ndowa ndi chingwe, pakati pa anyamata amene kuno amatchedwa makorokoza. Ndalama imene amapeza akusungira sukulu.

Tsiku lina madzulo, m'mwezi wa Okutobala dzuwa litaswa mtengo, tinakhala pakhonde ku Chipadze iye akulemba pa foni fomu yofunsira malo pa koleji ina. Analemba dzina, nambala ya chitupa ndi zotsatira za mayeso, kenako tsambalo linapempha zithunzi za masatifiketi. Anajambula n'kulowetsa choyamba, chachiwiri, chachitatu. Pa chachinayi foni inangouma gwa. Kudina batani, zii. Kubwerera m'mbuyo, zii. Ngakhale kabatani kapansi kotulukira sikanamve. Kumsana kwa foniyo kunali kutatentha ngati chivundikiro cha poto.

"Sekuru," anatero, poti kuno amalume timatchedwa choncho, "netiweki yathawanso."

Anaizimitsa n'kuiyatsanso, anagula bandulo ina pa EcoCash, n'kutsegulanso tsamba lija. Fomu inali yoyera mbee, zonse zimene analemba zitapita. Anayambiranso, ndipo pa chithunzi chachinayi chomwecho foni inaumanso.

Netiweki inalibe mlandu tsiku limenelo. Timizere take tonse tinalipo, ndipo mauthenga a WhatsApp anali atangolowa kumene. Koma ndi momwe tinazolowerera: chikavuta chilichonse pa foni timaloza nsanja ya netiweki, n'kuwonongerapo ndalama ya bandulo. Netiweki ikachedwa, tsamba limachedwa kubwera koma foni imamva: ukadina imayankha, ukafuna kutuluka umatuluka. Foni ikasiya kumva chala, vuto lili m'manja mwako momwemo.

Munthu mmodzi pa chingwe

Dzenje la mphwanga lili ndi chingwe chimodzi. Miyala imakwera pa chingwe chomwecho, madzi ochotsa pansi pa chomwecho, chakudya ndi zida zimatsika pa chomwecho, ndipo munthu akafuna kutuluka amadikira chingwe chomwecho. Ndowa ikakhala pakati pa ulendo palibe kuisiya m'malere kuti utumize china. Wapansi afuule bwanji, adikira mpaka ndowa ifike pamwamba.

Umu ndi momwe brawuza, pulogalamu yotsegulira masamba monga Chrome, Firefox, Opera kapena Safari, imayendetsera tsamba. Tsamba lililonse lili ndi wantchito wamkulu mmodzi, amene akatswiri amamutcha main thread. Iyeyu ndiye amawerenga tsamba likafika, kuyeza pamene chilichonse chikhale, kumva chala chikadina, ndiponso kuyendetsa malangizo olembedwa m'chinenero cha JavaScript amene amapatsa tsambalo moyo. Ntchito zonsezi zimaima pamzere. Amatenga imodzi, kuimaliza, n'kutenga ina. Lamulo lake ndi la ndowa ija: ntchito ya JavaScript ikayamba siidulidwa pakati. Chala chako chikadina nthawi imeneyo, kudinako kumalembedwa n'kukaima kumapeto kwa mzere.

N'chifukwa chake nthawi zina tsamba limayenda ukalikoka kupita m'mwamba kapena pansi, koma mabatani ake ali ndwii. Kukoka tsamba kawirikawiri amachita ndi wantchito wina wamng'ono amene amangosuntha zojambulidwa kale. Batani limafuna mwini chingwe. N'chifukwa chakenso ukadina kasanu mokwiya, foni ikatsitsimuka imachita zonse zisanu motsatizana, n'kukufikitsa kumene sunafune.

Nthawi imene wantchitoyu ali nayo ndi yochepa zedi. Sikirini ya mafoni ambiri imajambulidwanso maulendo 60 pa sekondi, kutanthauza kuti chithunzi chilichonse chili ndi mamilisekondi osakwana 17, pamene sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000. Ofufuza anadziwa kalekale malire a kuleza mtima kwa munthu pa makina. Robert Miller analemba za izi mu 1968, ndipo Jakob Nielsen anazifalitsa mu 1993: yankho likabwera m'mamilisekondi 100 munthu amaona ngati lachitika pompo, ikadutsa sekondi imodzi maganizo amaduka, akadutsa masekondi 10 munthu amayamba zina. Lero ntchito iliyonse yogwira chingwe kupitirira mamilisekondi 50 imawerengedwa kuti ndi yaitali. Kuyambira pa 12 Malichi 2024, kampani ya Google imayeza masamba ndi muyeso wotchedwa INP, woona nthawi yochokera pamene munthu wadina kufika pamene sikirini yasintha: mamilisekondi 200 kapena kucheperapo ndi bwino, kupitirira 500 ndi kulephera.

Bwanji osangowonjezera zingwe?

Funsoli mphwanga anandifunsa, poti pa katoni ya foni yake panalembedwa kuti purosesa yake, ubongo wa foniyo, ili ndi mitima 8. N'zoona, ilipo. Koma tsamba ndi chinthu chimodzi, ndipo antchito awiri akamalisintha nthawi imodzi, wina akufufuta mzere umene mnzake akulembamo, chotuluka chake ndi chisokonezo chovuta kuchilondola. Opanga mabrawuza anasankha kuti dzanja lokhudza tsamba likhale limodzi. Choncho mitima inayo imatha kungokhala, umodzi wokha ukutuluka thukuta, monga anyamata okhala pamulu wa dothi akuonerera mnzawo akupukusa.

Pamene Brendan Eich ankapanga JavaScript ku kampani ya Netscape mu 1995, ntchito imene anaigwira m'masiku pafupifupi 10, dongosololi linali lokwanira. Malangizo a nthawiyo anali timizere towerengeka: kuona ngati munthu walemba bwino m'bokosi, kusintha kachithunzi. Kenako Gmail mu 2004 ndi Google Maps mu 2005 zinaonetsa kuti tsamba likhoza kukhala pulogalamu yathunthu. Kuchokera apo mabanki, masukulu, maofesi a boma ndi masitolo anasamutsira ntchito zawo m'brawuza. Lero tsamba wamba limalemera pafupifupi megabaiti ziwiri kapena kuposerapo, ndipo mbali yabwino ndithu ya katunduyo ndi JavaScript. Katundu wakula, chingwe n'chomwe chija.

JavaScript ndi katundu wonyenga sikelo. Chithunzi chikafika, foni imangochimasula n'kuchionetsa. Malangizo akafika amayenera kumasulidwa, kuwerengedwa, kusandutsidwa chinenero cha makina, kenako kuyendetsedwa, ndipo yambiri ya ntchitoyi imagwera mwini chingwe yemwe uja. Komanso si malangizo onse amene ali a mwini tsamba. Ambiri ndi a alendo: otsatsa malonda, owerenga anthu olowa, kavidiyo kodziyambitsa kokha, kabokosi kofunsa ngati ukufuna thandizo. Aliyense amamangirira ndowa yake. Mu Seputembala 2017 kunabwera Coinhive, malangizo amene ankagwiritsa ntchito purosesa ya wowerenga tsamba kukumba ndalama ya pa intaneti yotchedwa Monero. Akuba anawabisa m'masamba masauzande, eni mafoni ndi makompyuta n'kumangodabwa makina akutentha, batire likutha. Coinhive inatsekedwa mu Malichi 2019. Kumeneko kunali kukumbitsa munthu mgodi osamuuza, golide n'kutenga ena.

Makoma a pakati pa matabu

Zonsezi zikufotokoza kuuma kwa tsamba limodzi. Nanga n'chifukwa chiyani tabu imodzi, kutanthauza tsamba limodzi mwa masamba otsegulidwa m'brawuza, imatha kugwetsa zonse?

Kale yankho linali lapafupi. Brawuza yonse, ndi matabu ake onse, inali pa chingwe chimodzi, moti tsamba limodzi likajama zonse zinkajama. Chrome itatuluka mu Seputembala 2008, chachilendo chake chachikulu chinali kupatula matabu, iliyonse m'chipinda chake ndi wantchito wake, kuti imodzi ikafa zinzake zitsale. Firefox inayamba kugawa ntchito motere mu 2016. Mu Januwale 2018 kunaululika chilema cha mapurosesa chotchedwa Spectre, chimene chikanalola tsamba loipa kusuzumira zinsinsi za tsamba lina lokhala nalo chipinda chimodzi. Chaka chomwecho Chrome ya pa kompyuta inakhwimitsa makoma: webusayiti iliyonse chipinda chakechake, ngakhale kabokosi ka malonda kokhala mkati mwa tsamba la eni.

Koma khoma limadya malo. Eni Chrome ananena okha kuti kupatulaku kumawonjezera 10 mpaka 13 peresenti pa malo ogwirirapo ntchito otchedwa RAM amene brawuza imadya pa kompyuta. N'chifukwa chake pofika nako pa Android mu 2019, anakuika pa mafoni okhala ndi RAM yosachepera 2 GB okha, ndiponso pa masamba okhawo amene munthu amalowa ndi pasiwedi. Pa foni yaing'ono, kabokosi ka malonda ndi fomu yako zikhoza kukhala pa chingwe chimodzi, ndipo china chikatsamwa chinzake chimatsamwa nacho. Chitetezo chimene wa foni yodula amachipeza osachidziwa n'komwe, wa foni yotchipa amachipeza mwa theka.

Ngakhale makoma atakhalapo onse, pali zinthu zimene sizigawika. Maenje a ku Kitsiyatota akhoza kukhala aliyense ndi chingwe chake, koma ngati pampu ndi imodzi ndipo jenereta ndi imodzi, dzenje limodzi likadzaza madzi onse amaima. M'foni zogawana zotere zilipo zitatu.

Choyamba ndi RAM, bwalo limene makina amayalapo zimene akugwiritsa ntchito panthawiyo. Anthu ambiri amaisokoneza ndi mosungira zithunzi ndi nyimbo, koma zimasiyana ngati mphasa yoyanikapo ufa ndi nkhokwe. Apa ndi pamene panagona vuto la mphwanga. Chithunzi cha kamera ya mamegapikiselo 12 chimaoneka chaching'ono m'nkhokwe, mwina megabaiti zitatu, chifukwa chimakhala chopanikizidwa. Kuti chionetsedwe kapena kusinthidwa chimayalidwa chonse: timadontho 4,000 m'litali, 3,000 m'lifupi, kadontho kalikonse mabaiti 4. Zonse pamodzi ndi megabaiti 48. Tsamba losasamala likagwira zithunzi zinayi zoyala chonchi, zimenezo ndi megabaiti pafupifupi 200, pa foni ya 2 GB imene mbali yaikulu yatengedwa kale ndi Android yeniyeniyo, WhatsApp, Facebook ndi kamera. Palinso masamba amene amatenga malo osabweza, pang'onopang'ono ngati denga lodontha, moti tabu imene yakhala yotsegula kuyambira m'mawa imafika madzulo itatupa.

RAM ikadzaza, makina amayamba kupulumutsa moyo wawo. Kompyuta imasamutsira zina ku disiki, n'kumazitenganso zikafunika. Pa laputopu yakale ya disiki yozungulira, ngati zambiri zogulidwa pa kaunjika, kusiyana kwa liwiro n'koopsa: tikati kutenga kanthu mu RAM ndi sekondi imodzi, kukafuna pa disiki yotere ndi tsiku lathunthu ndi maola ena. Makina amathera nthawi yonse kututa ndi kubweza, mpaka kamuvi ka mausi kamayenda modumphadumpha. Android imachita mwina: imayamba yapanikiza zimene zili mu RAM, ntchito imene imalemetsanso purosesa, ndipo zikakanika imapha mapulogalamu amene sali pamaso. Ukatuluka m'fomu kukatsegula kamera, brawuza ndiyo imakhala kumbuyo, ndipo ikhoza kuphedwa mwakachetechete. Pobwerera umapeza tsamba likuyambanso, mabokosi ali mbee.

Chachiwiri ndi chojambulira sikirini, chimene amachitcha GPU. Matabu onse ndi mapulogalamu onse amadutsira pa icho. Tsamba lodzaza makanema ndi zinthu zowuluka likachipanikiza, ngakhale zimene sizili za brawuza zimachedwa kuoneka.

Chachitatu ndi kutentha. Foni ilibe fani. Purosesa ikagwira ntchito yolemetsa kwa mphindi zingapo imatentha, ndipo kuti isapse imadzichepetsera yokha liwiro. Onjezerani dzuwa la Okutobala la ku Mashonaland Central, chikwama cha labala chokutira foni, ndi chizolowezi chathu chogwiritsa ntchito foni ili pa chaja chifukwa magetsi abwera kwa maola ochepa. Liwiro limatsika pa nthawi yomwe ntchito yachuluka, mzere n'kumangotalika. Pa Android pulogalamu ikatha masekondi 5 osayankha chala, pamatuluka uthenga wofunsa ngati udikire kapena uitseke. Pamene uthengawo ukutuluka, zinthu zimakhala zitaipa kale.

Zimene mwini foni angachite

Choyamba ndi kudziwa wolakwa usanatulutse ndalama. Ngati foni ikumva chala koma tsamba silikubwera, tumizani uthenga kwa wina: ukapanda kupita, ndiye netiweki. Ngati tsamba lokha ndilo laumitsa khosi koma kutuluka kukutheka, tsekani tabuyo. Ngati foni yonse yasiya kumva, ndiye RAM kapena kutentha, ndipo bandulo yatsopano sichiza chimenecho.

Titayang'ana brawuza ya mphwanga, pa kabokosi koonetsa chiwerengero cha matabu panalibe nambala. Panali kankhope koseka, kamene Chrome imaika matabu akafika 100. Zotsatira za mpira, mtengo wa golide, nyimbo, ntchito za ku Johannesburg, zonse zinali mmenemo kuyambira chaka chatha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kunena zoona, ambiri a matabu akalewo amakhala atagonekedwa ndipo sadya kanthu kwenikweni. Oopsa ndi amene atsegulidwa posachedwa, makamaka oimba nyimbo kapena kuonetsa kanema. Komabe kusesa n'kwabwino musanayambe ntchito yofunika.

Pa fomu ya zithunzi, jambulani zonse musanatsegule tsamba, kuti musatulukemo pakati. Zichepetseni: kudzitumizira chithunzi pa WhatsApp mwa njira wamba kumachichepetsa, bola zilembo zizionekabe. Mayankho aatali alembeni kaye pena, kuti fomu ikafufutika mungokopera. Chotsani foni pa chaja ndi m'chikwama chake, ndipo ntchito yotere igwireni m'mawa kusanatenthe. Timapulogalamu tolonjeza kutsuka ndi kufulumizitsa foni n'tosathandiza, poti natonso timadya RAM ndi kubweretsa malonda. Powerenga nkhani chabe, Opera Mini, imene inayamba mu 2005, imapeputsa zinthu chifukwa ntchito yolemera imagwiridwa ku makompyuta a kampaniyo, ngakhale mafomu ena sayenda bwino mmenemo. Pa kompyuta ya Windows, kudina Shift ndi Esc pamodzi mu Chrome kumatulutsa mndandanda wa matabu onse ndi zimene iliyonse ikudya, moti wosusukayo amaonekera poyera n'kumutseka yekhayo.

Mlandu waukulu uli pamwamba

Komatu zonsezi ndi zigamba. Munthu wofuna malo a sukulu sayenera kukhala katswiri wa RAM kuti fomu yake ifike. Amene amamanga masamba amagwira ntchito pa makompyuta amphamvu, m'maofesi ozizira, ndi mafoni odula m'thumba. Ntchito imene kwa iwo imatha m'kuphethira kwa diso, pa foni yotchipa yotentha imatenga nthawi yochuluka kangapo. Iwo saona vuto chifukwa silichitika pamaso pawo, ndipo amene limamuchitikira sadandaula kwa iwo: amatukwana netiweki, kapena amadziimba mlandu kuti foni yake ndi yachabechabe.

Mankhwala ake ndi odziwika, ndipo si odula. Ntchito yaitali iduliridwe m'zidutswa zosapitirira mamilisekondi 50, kuti pakati pake chala chimveke. Kuwerengetsa kolemera, monga kuchepetsa chithunzi, kupatsidwe kwa antchito apambali otchedwa Web Workers, amene sakhudza tsamba koma amagwiritsa ntchito mitima ija yongokhala. Chithunzi chikatumizidwa chichotsedwe pabwalo chisanabwere china. Fomu izisunga zimene munthu walemba pa sitepe iliyonse. Malangizo a alendo achepetsedwe. Mu 2022 oyendetsa GOV.UK, webusayiti ya boma la Britain, anachotsa m'masamba awo mtolo wa malangizo wotchedwa jQuery, wolemera makilobaiti 32 okha, ndipo poyeza anapeza kuti amene anapindula kwambiri ndi a mafoni ofooka ndi netiweki yochedwa. Ngati dziko lolemera limawerengera makilobaiti chifukwa cha nzika zake zosauka, kuli bwanji koleji kapena ofesi imene anthu ake ambiri ali ngati mphwanga? Mu Chrome momwemo muli chida choyesera tsamba purosesa itachedwetsedwa maulendo 4 kapena 6. Koposa apo, bwana aliyense wolandira tsamba latsopano akanamagula foni yotchipitsitsa ya m'sitolo, n'kulemba yekha fomuyo ali panja masana, asanasaine cheke.

M'mawa mwake tinadzuka kusanache. Tinajambula masatifiketi pawindo, kuwachepetsa, kutseka matabu onse, foni ili yozizira. Fomu inadutsa ulendo umodzi, pa netiweki yomwe ija ya dzulo. Mphwanga anavala magambutsi ake, n'kuima kaye pakhomo.

"Ndiye kuti, Sekuru, foni yangayi si yakufa?"

Ndinati ayi, inangosenzetsedwa mopitirira.

Anapukusa mutu. "Kwathu kudzenje, womangirira ndowa ziwiri pa chingwe chimodzi timamutsitsa pansi tsiku lotsatira, kuti akaime yekha kunsi kwake. Sabwerezanso."